Pa njinga zamoto kudutsa Nyika: kuchokera ku Rumphi mpaka ku Khondowe

Tsiku loyamba: Rumphi

Tinanyamuka ku Lilongwe kusanache, anthu anayi pa njinga zamoto zinayi, ndipo tafika kuno ku Rumphi dzuwa likulowa kuseri kwa mapiri. Za msewu wa M1 sindinena zambiri, chifukwa amene anadutsapo pa Kasungu, pa Jenda ndi m'nkhalango ya Chikangawa akudziwa kale mmene mphepo ya mwezi wa Julayi imabayira pachifuwa munthu akakhala pa njinga. Tinadya nkhomaliro ku Mzuzu, n'kudutsa Ekwendeni ndi Enukweni, kenaka tinasiya M1 ndi kuwoloka mtsinje wa South Rukuru pa Njakwa, pomwe madzi amadzipanikiza pakati pa mapiri awiri a miyala.

Mwini maganizo a ulendowu ndi mlamu wanga, yemwe anagwirapo ntchito ya ulangizi wa zaulimi kumpoto kuno, ndipo amayendetsa Yamaha AG 200, njinga imene alangizi ambiri amaidziwa ngati khasu lawo. Wachiwiri ndi mkulu wa tonsefe, makanika wa ku Biwi amene tsitsi linayamba kale kuyera, ndipo timangowatchula kuti achimwene. Wachitatu ndi mphunzitsi wachinyamata amene ali pa Boxer ndipo sanayendepo m'misewu ya m'mapiri. Ineyo ndili pa Honda XL 125.

Madzulo ano tadzaza mathanki, ndipo aliyense wamangirira kumbuyo chigubu cha malita 5 ndi mphira, popeza kutsogoloku petulo wodalirika tikamupeza ku Chitipa. Achimwene anayala zida zawo pakhonde kuti tonse tizione: machubu awiri, zigamba ndi guluu, pampu, masipanala, zitsulo zochotsera tayala, waya wa kilatchi, mapulagi ndi mafuta a tcheni. Atamaliza kuwerenga anatikhazika pansi.

"Mverani, anyamata. Kutsogolo kukhale alamuwa poti njira akuidziwa, kumbuyo ndikhale ine poti ndili ndi zida. Nyale ziziyaka usana wonse. Aliyense asamale za amene ali kumbuyo kwake, osati amene ali kutsogolo. Pa mphambano iliyonse muziyang'ana pagalasi, ndipo ngati nyale ya mnzanu simukuiona, imani pomwepo."

Tsiku lachiwiri: Chelinda

Kuchokera ku Rumphi kufika kuno ku Chelinda, malo ogona alendo pamwamba pa Nyika, ndi mtunda wa makilomita oposa 100 pang'ono, koma tauyenda kuyambira mmawa mpaka chakumadzulo, ndipo manja anga akunjenjemerabe pamene ndikulemba izi pafupi ndi moto.

Chigawo choyamba chinali cha m'chigwa cha Nkhamanga, pakati pa minda yokololedwa ndi zigafa za fodya. Tinaima pang'ono pa Bolero, likulu la Themba la Mathemba Chikulamayembe, komwe Atumbuka amasonkhana chaka ndi chaka pa mwambo wa Gonapamuhanya. Mayi wina wogulitsa nthochi titamulonjera m'Chichewa anatiyankha m'Chitumbuka, ndipo mlamu wanga anatiphunzitsa pomwepo kuti kuno munthu amayamba ndi "monire" n'kumaliza ndi "yewo". Mawu awiriwa atithandiza tsiku lonse.

Phula litatha, achimwene anatiimitsa ndi kuchotsako mpweya pang'ono m'matayala onse, kuti tayala lizigwira bwino nthaka m'malo modumphadumpha pamiyala. Msewu unali ndi timizere topingasa tonga malata a padenga, timene timapangika chifukwa cha magalimoto akuluakulu. Ukayenda pang'onopang'ono timizereti timagwedeza njinga mpaka mano kuombana, ukathamanga kwambiri tayala lakutsogolo limasiya kumva chiwongolero. Pali liwiro lake lapakati limene njinga imakhazikika, ndipo aliyense amayenera kulipeza yekha malingana ndi kulemera kwa katundu wake. Chinanso ndi fumbi. Ukayandikira mnzako wakutsogolo suona dzenje kapena mwala, choncho tinkasiyana mtunda wautali ndithu, wokwanira kuti fumbi la mnzako liyambe kaye lakhazikika. Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake achimwene anaumirira za nyale, pakuti m'fumbi lofiira lija chimene chimaoneka pagalasi ndi kadontho kowala basi.

Pa chipata cha Thazima, cholowera m'malo osungirako nyama a Nyika, tinalembetsa maina ndi manambala a njinga, n'kulipira. Mlonda wa pachipata anatiuza kuti tikaona ndowe yaiwisi pamsewu tichepetse liwiro, ndipo tikakumana ndi njovu tiime patali, tisaimbe belu kapena kukweza injini. Njovu za kuno zinawonjezeka mu 2017, pamene zina 34 zinabweretsedwa kuchokera ku Liwonde, ndipo zimakonda nkhalango ya m'munsimu kusiyana ndi udzu wa pamwamba. Ndowe tinaiona malo awiri, koma eni ake sanaoneke.

Kuchokera pachipata msewu umangokwera, poyamba m'mitengo ya mombo ndi misuku, pamiyala yosakhazikika imene imathawa tayala likaiponda. Aphunzitsi anavutika pachitunda china chachitali, chifukwa ankasintha giya ali pakati pa chitunda ndipo njinga inkazima. Mlamu wanga anabwerera wapansi, n'kuwauza modekha kuti, "Aphunzitsi, giya muzisankhira pansi chitunda chisanayambe, mukalowa musaikhudzenso, ndipo maso akhale komwe mukufuna kupita, osati pa mwala umene mukuuopa." Ulendo wachitatu anakwera osazimitsa, ndipo tonse tinawaombera m'manja.

Pali gawo lina limene msewu umatsata malire a dziko lino ndi Zambia, kotero kuti phiri la mbali imodzi ndi la kwathu ndipo la mbali inayo ndi la anansi athu, popanda mpanda kapena msilikali. Kenaka mitengo inatha mwadzidzidzi. Tinatulukira pa dziko la udzu wokhawokha, mapiri oterera bwino otsatizana mpaka kumene maso amalekezera, ndi timagulu ta nkhalango yobiriwira m'makhwawa. Njinga zonse zinayamba kufooka, ngati zikukoka katundu wowirikiza. Achimwene anati tisadandaule, chifukwa pamwamba pa mamita 2,000 mpweya umapepuka, injini imalandira petulo wambiri kuposa mpweya umene ikufuna, motero mphamvu imachepa ndipo pulagi imada msanga. Tinaona mitengo ya paini ya ku Chelinda ili chikwere patali ngati mtambo wakuda, ndipo panapita pafupifupi ola lathunthu tisanaifike.

Tsiku lachitatu: pamwamba pa Nyika

Tadzuka chisanu chitayera pa mipando ya njinga ndi pa udzu, ngati wina wawazapo ufa. Madzi a m'botolo limene ndinaliiwala panja anali ndi kachigamba kouma pamwamba. Njinga ziwiri zinakana kulira mpaka titazikankhira padzuwa ndi kudikira kuti zimve kutentha, ndipo achimwene anapezerapo mwayi wochotsa mapulagi onse ndi kuwapukuta mwaye.

Lero sitinanyamule katundu. Tinapita pamalo oonera patali a Chosi, kenaka ku dziwe la Kaulime, limene makolo a kuno ankalilemekeza ngati malo a mizimu ndipo ankaperekapo nsembe. Nyika ndi malo osungirako nyama aakulu kuposa onse m'Malawi, a makilomita pafupifupi 3,200 mbali zonse, ndipo nsonga yake yaitali, phiri la Nganda, imaposa mamita 2,600. Anakhazikitsidwa mu 1965, ndipo atawakulitsa mu 1978 mabanja ambiri amene ankakhala m'mphepetemu anasamutsidwa. Mlamu wanga, amene anagwirapo ntchito ndi ena mwa mabanja oterewa, anati pali nkhalamba zimene zimalozabe kumtunda kuno zikamanena za manda a makolo awo. Ndinakhala ndikuganizira mawu amenewa titaima pa Chosi, chifukwa bata limene ife tadzera kuno linali ndi mtengo wake, ndipo amene analipira si ife.

Nyama tinaziona bwino pokhapokha titazimitsa injini. Pa dambo lina tinakhala pansi osayankhula, ndipo gulu la mbidzi limene linathawa phokoso lathu linabwerera pang'onopang'ono, n'kuyamba kudya pafupi kwambiri moti tinkamva udzu ukuduka m'kamwa mwawo. Kuseri kwake kunali chilembwe chimodzi, cha nkhope ya mawanga oyera ndi akuda ndi makutu aatali, chitaima chilili kutiyang'ana. Ntchefu tinaziona patali, zikukwera phiri mondondozana. Aphunzitsi anafuna kulowa ndi njinga mu udzu kuti ajambule pafupi, koma achimwene anawaletsa, ndipo ndikugwirizana nawo kwathunthu. Mu udzu umenewu muli mitundu yoposa 200 ya maluwa aja amene mizu ya ena mwa iwo anthu amakumba kupangira chikanda, ndipo amaphuka nthawi ya dzinja. Tayala likaponda pamenepo limasiya mzere umene madzi a mvula amautsata mpaka kusanduka ngalande.

Tsiku lachinayi: Nthalire

Tsiku la lero ndilemba monga mmene layendera, osabisa mbali yanga.

Tinachoka ku Chelinda nkhungu isanayere, kulowera kumpoto chakuzambwe ku chipata cha Kaperekezi. Njira imeneyi ndi mtsetse wautali wokhotakhota, ndipo madzi a dzinja anasiya ngalande zakuya zotsata msewu. Potsika pamafunika giya yoyamba kapena yachiwiri kuti injini ndiyo izigwira njinga, buleki yakumbuyo kumangoikhudza pang'ono, yakutsogolo ndi chala chimodzi, chifukwa ukaikoka mwamphamvu pamiyala yosakhazikika tayala limaterereka nthawi yomweyo. Mabuleki akagwidwa mosalekeza amatentha n'kusiya kugwira, choncho tinkaima kawirikawiri kuti azizire. Mpaka pachipata zonse zinayenda bwino, ndipo titatuluka m'malo osungira nyama mitima inakhala pansi, kunja kunafunda, tinavula majuzi.

Ndondomeko yathu inali yomweyo: mlamu wanga kutsogolo, aphunzitsi, ine, ndi achimwene pomalizira. Maso anga onse anali pa aphunzitsi, poti ndi amene ndinkawadera nkhawa, ndipo ndinkatsatira mmene akukhotera ndi mmene akupondera buleki. Pagalasi ndinayang'ana kamodzi, sindinaone nyale, koma mumtima ndinati achimwene ndi katswiri, mwina aima kuti amangitse katundu, atipeza. Tinadutsa mphambano ina ndipo sindinaime. Ndinadzaima mlamu wanga ataima pamthunzi kuti timwe madzi, ndipo atafunsa kuti, "Nanga achimwene ali kuti, alamu?" ndinasowa choyankha.

Tinabwerera tonse atatu. Sindidzaiwala mmene ndinkayang'anira m'phompho pa khona iliyonse. Titayenda mtunda ndithu tinawapeza atakhala pamwala m'mbali mwa msewu, nsapato ya kumanzere atavula, bondo la thalauza litang'ambika ndipo magazi atauma pamwendo. Tayala lakutsogolo linalowa m'ngalande imene inabisika ndi fumbi, njinga inagwa n'kuwapanikiza mwendo, ndipo chifukwa cha kulemera kwa zida ndi chigubu cha petulo sanathe kuidzutsa okha. Anakhala chigonere pamenepo nthawi yaitali, petulo akudontha pafupi ndi injini yotentha. Amene anawachotsa ndi mnyamata wa kabaza amene ankachokera kuchigayo ndi matumba awiri a ufa. Iye anatsitsa matumba ake, anadzutsa njinga, anawatsuka bala ndi madzi ake akumwa, ndipo anakana kuchoka mpaka eni ake a munthuyu atabwera.

Chogwirira cha kilatchi chinali chitathyoka pakati. Achimwene, ali chikhalire pamwala, anatilangiza mmene tingachimangire ndi sipanala yaing'ono ndi waya kuti chigwire ntchito mpaka ku Chitipa, ndipo mnyamata uja ndi amene anamanga, mwaluso loti tonse tinangoyang'ana. Tinamufunsa ngati saopa njira imeneyi. Anati amaiyenda tsiku lililonse, nthawi zina kawiri, ndipo nthawi ya dzinja wanyamulapo amayi oyembekezera usiku kupita nawo kuchipatala, chifukwa galimoto siifika matope akachuluka. Tinamupatsa ndalama ndi malita awiri a petulo. Petuloyo analandira ndi manja awiri, koma ndalama anayamba wakana kaye mpaka achimwene atamuuza kuti, "Mwana wanga, landira, usandichititse manyazi."

Tisananyamuke ndinapita kwa achimwene ndi kuwauza kuti ndinaona kuti nyale yawo palibe koma sindinaime. Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenaka anati, "Ndikudziwa, amwene. Munaganiza kuti makanika sagwa. Kuyenda awiri si mantha." Sanawonjezere china, ndipo mawu ochepawo andilemera kuposa mmene kukalipa kukanandilemerera.

Kuno ku Nthalire bala latsukidwa ndi kumangidwa bwino, ndipo fupa silinathyoke, koma kakolo watupa. Tagona m'nyumba ya alendo ya zipinda zochepa, ndipo mayi wa panyumbapa watiphikira nsima ya nyemba ndi mpiru, n'kutenthetsa madzi a mchere oti achimwene aviikemo phazi.

Tsiku lachisanu: Karonga

Tinakambirana mmawa ngati achimwene angapitirize, ndipo iwo anati mwendo wosinthira giya ndi womwewo wopwetekawo, koma angathe ngati sitithamanga. Tinasintha ndondomeko. Iwo anakhala achiwiri, aphunzitsi achitatu, ndipo zida zonse zinabwera pa njinga yanga, ine n'kukhala wotsiriza. Ndinaona kuti aphunzitsi ankayang'ana pagalasi pafupipafupi, ndipo kawiri konse anaima kundidikira pamene ndinangotsalira chifukwa cha fumbi.

Tinadutsa Wenya ndi Chisenga, mapiri a Mafinga ali chakumanzere kwathu, pamsewu wa dothi lofiira ndi timilatho ta matabwa timene tinkawoloka mmodzimmodzi. Ku Chitipa tinamwetsa mafuta ndi kugula chogwirira cha kilatchi chatsopano pamsika, pomwe m'kanthawi kochepa tinamva anthu akuyankhula Chilambya, Chindali, Chitumbuka ndi Chiswahili. Kuchokera pamenepo ndi phula la makilomita pafupifupi 100 kutsetserekera kunyanja, kudutsa kufupi ndi mgodi wa Kayelekera. Tafika ku Karonga thukuta lili kamukamu, anthu omwe dzana tinkawotha moto masana, ndipo tadya mpunga wa Kilombero ndi chambo.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi: Livingstonia

Kuchokera ku Karonga tinatsata nyanja kulowera kummwera mpaka pa Chitimba, pomwe msewu wa Gorodi, wokwera ku Livingstonia pa Khondowe, umayambira. Ukaima pansi n'kukweza maso umaona khoma la phiri lokhalokha, ndipo n'kovuta kukhulupirira kuti pali njira. Msewuwu ndi wa makilomita pafupifupi 15, uli ndi makhona akuthwa 20, ndipo umakwera mamita oposa 700 kuchokera m'mphepete mwa nyanja. Unakumbidwa ndi manja a anthu, ndi makasu ndi mapiki, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kuti katundu wotsika m'sitima azifika ku mishoni.

Achimwene anapempha kuti pa khona iliyonse wakutsogolo aziima pamwamba pake mpaka onse atakhota, ndipo tinachita chomwecho makhona onse 20. Khona ya pa Gorodi siifuna liwiro. Umayamba chakunja, giya yoyamba, kilatchi utaigwira pang'ono, mutu utatembenukira kumene ukupita, ndipo ukaima pakati pa khona phazi la kumunsi silipeza nthaka. Malo ena anathirapo konkire, koma pakati pake pali miyala yotuluka ngati zibakera ndi mchenga wotsetsereka kuchokera kuphiri. Pa khona ina tinakumana ndi galimoto yodzaza anthu ndi matumba ikutsika, ndipo inachita kubwerera m'mbuyo kawiri kuti ikhote, ife titadzikanikiza kukhoma. Amayi osenza madengu a usipa ankakwera wapansi podutsa timinjira tachidule, moti ena tinawapitirira m'munsi n'kukawapezanso kumtunda atatitsogolera. Aphunzitsi sanazimitse njinga ngakhale kamodzi. Achimwene ankaluma mano posintha giya, ndipo pa khona ya 14 anapempha kuti tipume, n'kukhala pansi kuyang'ana nyanja imene inali itatambalala m'munsimo mpaka ku mapiri a ku Tanzania.

Tisanalowe m'tauni tinapatuka kukaona mathithi a Manchewe, amene madzi ake amagwa mamita pafupifupi 125. Kuseri kwa madziwo kuli phanga limene Aphoka ankabisalamo nthawi ya nkhondo ndi ukapolo. Anyamata awiri a pamalopo anatitsogolera atatufe, achimwene atatsala kumtunda kulondera njinga, ndipo titabwerera tinawapeza akukonza tcheni ya njinga yakapalasa ya mwana wina.

Dr Robert Laws anasamutsira mishoni pano pa Khondowe mu 1894, malungo atavutitsa ku Cape Maclear ndi ku Bandawe, ndipo anakhala m'dziko muno kuyambira 1875 mpaka 1927. Nyumba yake ya miyala ilipobe ndipo mbali ina ndi yosungiramo zinthu zakale. Tinalowanso m'tchalitchi, momwe muli zenera la magalasi amitundu losonyeza David Livingstone ndi anzake a paulendo. Koma chimene chinandigwira mtima ndi miyala yoyalidwa pansi pa bwalo, yolemba Aefeso 2:14. Mu 1959, nthawi ya chipwirikiti, boma la atsamunda linatumiza ndege kudzafunsa ngati azungu a pamishoni akufuna kuchotsedwa, ndipo anthu a pano, akuda ndi oyera, anayankha ndi miyala imeneyi kuti woyendetsa ndege awerenge ali m'mwamba kuti sasiyana.

Madzulo ano achimwene akhala pakhonde phazi lili pampando, akutilamula ntchito. Tatsuka zosefera mpweya zimene zinadzaza fumbi la masiku asanu, tathira mafuta m'matcheni ndi kuwakoka, ndipo tabwezera mpweya m'matayala. Pa njinga ya aphunzitsi tapeza masipokosi awiri omasuka ndipo tawamanga. Mawa titsika cha ku Phoka kulowera ku Njakwa, osabwereranso pa Gorodi, kuti mwendo wa achimwene upume ku magiya, ndipo agamula kuti wotsiriza ndikhalebe ine mpaka ku Lilongwe.